Kamzere kamodzi, koma mwana akunjenjemera

Pa khoma la kukhitchini kwathu pali kalendala ya kutchalitchi, ija timagula mu Disembala, ndiye pa tsamba la Febuluwale pali timitanda tofiira tisanu timene ndinalemba ndi bolopeni yochongera mabuku a ana. Lolemba, Lachinayi, Lamlungu, Lachitatu, Loweruka. Tsambalo sindinang'ambe mpaka lero, ndinangolipindira kumbuyo. Amenewo ndi masiku amene kamnyamata kanga ka giredi 5 kankazizidwa, ndipo sindikunena kuzizidwa kwa masewera ayi, kumanjenjemera mpaka bedi kumalira, mabulangete awiri pamwamba kuonjezerapo chitenje changa, pamene enafe tikudandaula kuti malaiti apita fani sizungulira. Pakapita maola angapo thupi moto, kenako thukuta kamukamu, kenako mwana uja wadzuka akufunsa ngati nsima inatsalako. Mawa lake ali bwinobwino, mkucha wake ali bwinobwino mpaka kukamenya mpira kuseri kwa msika, likafika tsiku linalo zayambiranso ngati munthu wachita kutchera alamu.

Tiyambire ku Disembala. Masukulu atatseka ndinamutumiza ku Katete kwa amama monga timachitira chaka ndi chaka, ife akum'mawa okhala mu Lusaka muno mukudziwa kale, holide ikafika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity pamadzaza ana onyamula zikwama zazikulu kuposa eni ake. Ndinalongedza shuga, sopo, saladi, buledi, majombo a matope, olo tochi ndinaikamo. Neti ayi. Ndisaname kuti ndinaiwala, sindinaiganizeko n'komwe, chifukwa kuno ku Mtendere neti yathu imakhala yomanga mfundo pamwamba pa bedi ngati chokongoletsa, timaitsitsa pokhapokha udzudzu ukatisokosera m'khutu. Kumudziko maneti alipo awiri, ina amagona ambuya ake, ina amagona mlamu wanga woyembekezera pamodzi ndi kamwana kake ka zaka ziwiri. Anyamata onse amagona ku gowelo pa mphasa, ndipo asanakagone amakhala panja mpaka usiku kutola ngumbi, zija kuno timati inswa, ali chimbulanda kumtunda kabudula chabe.

Anabwera kumayambiriro kwa Januwale atanenepa, masaya a mango, Chichewa chake chitawongoka mpaka kumatikonza ife makolo. Sukulu inatsegulidwa, sabata zinayi zinatha osamva olo mutu. Ndiye tsiku loyamba lija atanjenjemera, za ku Katete zinali zitachoka kale m'mutu mwanga.

Ku kiliniki munthu umafika 06 koloko kuti upeze malo abwino pa mzere, khadi m'manja. Ba sister anafunsa funso lija amafunsa aliyense mu Lusaka, kuti mwana anayendako kunja kwa tauni? Ndinati ee, koma kalekale, mu Disembala. Anamubaya pa chala, kadontho ka magazi pa kachipangizo koyera kaja ka pulasitiki, madontho a mankhwala, tinadikira mphindi 15 kapena 20 hivi, kamzere kanatuluka kamodzi. "Amai, malaria palibe, mupatseni Panado azimwa madzi ambiri." Ndinabwerera ndili wokondwa, zoona. Lachinayi zinabweranso, Lamlungu zinabweranso, Lolemba ndinapempha chilolezo ku ntchito kubwereranso ku kiliniki, tsiku limenelo mwana ali gwa akuseka pa mzere mpaka ine kumaoneka ngati mayi wokonda chipatala. Kamzere kamodzinso. Ulendo uno tinapatsidwa maantibayotiki kuti mwina ndi pakhosi.

Apa ndiime kaye, chifukwa pali ena akawerenga izi ayamba kutukwana anamwino, ndipo ine sindili kumeneko. Lamulo loti usapereke Coartem, mankhwala a malungo, kwa munthu amene sanapezeke ndi malungo ndi labwino. Ife tinakula nthawi imene mutu ukangopweteka unkamwetsedwa chloroquine, thupi lonse kumayabwa usiku wonse ngati wagona pa chitedze, mpaka mankhwalawo anasiya kugwira ntchito, dziko lino kuwasiya cha m'ma 2003 n'kuyamba Coartem. Ana ambiri otentha thupi mu Lusaka sakhala ndi malungo, zimakhala chifuwa, m'mimba, m'khutu, zina ndi zina, ndiye ukangomwetsa Coartem mwachisawawa matenda enieniwo amatsala akukula. Ba sister anachita zimene anaphunzitsidwa. Vuto linali pa kachipangizoko, ndipo naka sikananame, kanangoyankha funso limene kanapangidwira, pamene ine ndimaganiza kuti kayankha funso lina.

Pa komboni mukudziwa mmene zimakhalira, matenda akakana kupezeka kuchipatala madokotala amachuluka. Aneba akumanja ati ndi taifodi imeneyo. Akumanzere ati kumudzi osamatumizako ana anzeru, anthu amachita nsanje. Abambo akunyumba ati mwina akuthawa mayeso a masamu, mpaka anadzamuona yekha akunjenjemera Lachitatu lija ndi pomwe anakhala chete. Ndinaimbira amama ku Katete, ndikuwafotokozera, anandidula pakamwa. "Iwe, akudumphitsa masiku awiri? Amenewo ndi malungo, usandiuze za tizipangizo tanuto, amalume ako ankadwala choncho ali mwana." Ndinaseka mumtima kuti agogo awa sanapite ku sukulu akufuna kutsutsana ndi chipatala. Koma usiku umenewo ndi pamene ndinatenga bolopeni n'kuyamba kuwerenga masiku chobwerera m'mbuyo, ndipo timitanda tija titandanda ndinachita mantha ndi mmene tinalili mu dongosolo.

Amene anandimasula ndi mnzanga wa ku chigwirizano, amagwira ntchito mu labu pa chipatala china muno m'tauni. Titaweruka Lachisanu ndinamuonetsa chithunzi cha kalendala pa foni, anayang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, kaRDT kamene anakuyezerani kaja kamaona falciparum chabe. Kukakhala mtundu wina kamadutsa osapereka moni. Bweretsani mwana timutenge silaidi." Ine kumva mawu akuti mtundu wina ndinadabwa, zaka zonsezi ndikuphunzitsa sayansi ku pulaimale, kumalembetsa ana kuti malungo amabwera ndi udzudzu waukazi wa Anopheles, ndimadziwa kuti kachilombo kake ndi Plasmodium, basi pathera pamenepo. Kuti kachilomboka kali ndi abale ake, aliyense ndi khalidwe lake, zimenezo ndinaziphunzira ndili ndi zaka zopitirira 40 pa benchi ya labu.

Silaidi ndi kagalasi kakang'ono, amadontheza magazi pawiri, pena amasiya dontho lokhuthala, pena amawapaka mopyapyala ndi kagalasi kena. Akauma amawathira utoto wotchedwa Giemsa, ndiye munthu amakhala pa maikulosikopu kumayang'ana ndi maso ake, malo ndi malo, mofatsa. Dontho lokhuthala limamuuza ngati tizilombo tilimo, lopyapyala limamuuza kuti ndi ta mtundu wanji. Mnzanga uja anakhalapo nthawi ndithu mpaka ine kuyamba kuganiza kuti apanso tituluka chimanjamanja, kenako anandikodola, anaika kamera ya foni yake pa diso la makinawo n'kundionetsa. Timaselo ta magazi tozungulira totuwa, ndiye kamodzi kali ndi kalamba kabuluu kodutsa pakati, ngati mwana wavala lamba wa yunifomu. "Uyu ndi malariae," anatero. "Amabisala, amakhala ochepa m'magazi, ukakhala ndi changu sumuona."

Anatilembera pepala, tinapita nalo kwa adokotala, mankhwala ake anali Coartem yemweyo, kumwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, ndipo anatikumbutsa kuti azimwera mkaka kapena chakudya cha mafuta kuti alowe bwino m'thupi. Loweruka lija linali kamtanda komaliza.

Manje kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsa ndi kuwerenga ngati munthu wokonzekera mayeso, ndiye ndikuuzeni zimene ndatolako, mmene ndazimvera ine.

Mitundu ya tizilombo ta malungo imene imagwira anthu amaiwerenga isanu. Wamkulu wa onse, wakupha uja, ndi Plasmodium falciparum. Muno mu Zambia a zaumoyo amati pa malungo 100 alionse pafupifupi 98 ndi ake, ndiye mukuona chifukwa chake boma limagula tizipangizo toona iyeyo, ndalama umaika pamene pali mdani wamkulu. Falciparum amalowa m'maselo ofiira a msinkhu uliwonse, amachulukana mwachangu, ndipo maselo amene walowamo amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono, za mu ubongo zomwe, ndi pamene mumaona mwana wakomoka, akugwedezeka, maso atembenuka. Ameneyu sachedwa, udzudzu ukakuluma pakatha sabata imodzi kapena ziwiri wayamba, ndipo mwana akhoza kupita m'masiku ochepa chabe. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2023 anthu pafupifupi 597,000 anafa ndi malungo pa dziko lonse, ochuluka kwambiri muno mu Africa, ambiri mwa iwo ana osafika zaka 5. Ndiye chilichonse ndikulemba pano chisakuchititseni kuchepetsa falciparum, iyayi.

Malariae, mlendo wa kunyumba kwathu uja, ndi wofatsa koma wokakamira. Amasankha maselo okalamba chabe, n'chifukwa chake sachulukana kwambiri. Amachedwa kuonekera, kuyambira masiku 18 mpaka 40 chilumidwireni, apo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chimene mwana wanga anakhalira Januwale yense ali bwino. Ndipo mkombero wake m'magazi umatenga maola 72, tizilombo tikakhwima maselo amaphulika nthawi imodzi, thupi limatentha, kenako zii mpaka gulu lina likhwime. Timitanda ta pa kalendala tija tinali maola 72 amenewo. Amama ku Katete sadziwa dzina la Plasmodium koma maola 72 anawadziwa pa foni. Chimene chinandiopsa ndi chakuti malariae akapanda kuchizidwa amatha kukhala m'magazi zaka zambirimbiri mwakachetechete, ndipo kwa ana ena amaononga impso, mwana kuyamba kutupa nkhope ndi miyendo, makolo n'kumathamangira kwa asing'anga.

Ovale nayenso alipo muno mu Africa, makamaka chakumadzulo koma ngakhale kuno amapezeka. Uyu chinyengo chake ndi china, amasiya mbewu zogona m'chiwindi. Umamwa Coartem, za m'magazi zonse zafa, wachira, koma za m'chiwindi Coartem sazifika, ndiye pakatha miyezi zimadzuka, mwana wadwalanso malungo mu Julayi kukuzizira, udzudzu kulibe, sanapite kulikonse. Kuti zimenezo zife pamafunika mankhwala ena otchedwa primaquine, ndipo awa si ogula pa kantemba, chifukwa pali anthu ena, ndipo muno mu Africa ndi ambiri ndithu, amene magazi awo ali ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa G6PD, akamwa primaquine magazi amasweka. Amayenera kuyezedwa kaye. Ndinamvanso kuti cha mu 2010 akatswiri anapeza kuti amene tinkamutcha ovale ndi mapasa awiri ofanana nkhope, curtisi ndi wallikeri, pa maikulosikopu sungawasiyanitse. Zimenezo ndi zawo za akatswiri.

Vivax naye amagona m'chiwindi chimodzimodzi, koma kwawo ndi ku India, Pakistan, Papua New Guinea, South America, ndipo muno mu Africa amavuta ku Ethiopia ndi ku Madagascar. Kuno ndi wosowa, ati chifukwa ambiri a ife maselo athu alibe kachitseko kotchedwa Duffy kamene iye amalowera. Wachisanu, knowlesi, ndi wa anyani a ku Malaysia ndi maiko oyandikana nawo, ameneyo tisatayirepo nthawi pokhapokha ngati mwana wanu amapita holide ku Borneo.

Tsopano ka 98 kaja kandikhalitsa pansi masiku ambiri. Ukakamva koyamba umati aa, enawo ndi awiri chabe pa 100, n'zosadetsa nkhawa. Koma taganizani, nambala imeneyi imachokera kuti? Kwa odwala amene apita kuchipatala. Amene amathamangira kuchipatala ndi amene wagwidwa ndi falciparum, chifukwa ndi amene amagwetsa munthu. Kumeneko amayezedwa ndi kachipangizo koona falciparum yekha. Olo pa maikulosikopu, ngati m'magazi muli mitundu iwiri nthawi imodzi, zimene zimachitika kawirikawiri kumidzi ya malungo ambiri, falciparum amadzaza galasi lonse, woyezayo akangomuona walemba, wadutsa, pamzere pali anthu 50 akudikira, ndani akhale akufunafuna kalamba kamodzi? Ofufuza akapita m'midzi ndi m'masukulu kukatenga magazi a ana ooneka athanzi, n'kukawayeza ndi makina a PCR amene amaona ngakhale tizilombo tochepetsetsa, malariae ndi ovale amatulukira ambiri kuposa mmene mabuku a ku kiliniki amanenera, ndipo nthawi zambiri amakhala atabisala kumbuyo kwa falciparum mwa mwana mmodzi yemweyo. Ukawedza ndi ukonde wa maso akuluakulu usamalumbire kuti m'dziwe mulibe matemba.

Ndipo apa ndi pamene nkhaniyi inachoka kukhitchini kwanga n'kulowa m'kalasi mwanga.

Ana a sukulu, kuyambira zaka 5 mpaka 15, ndi gulu loiwalika pa nkhani ya malungo. Wosafika zaka 5 ali ndi sikelo, mwezi ndi mwezi amaonedwa, neti amalandira. Mayi woyembekezera ali ndi Fansidar ku antinento, neti amalandira. Kafukufuku wamkulu wa dziko lino, Malaria Indicator Survey, amene anayamba mu 2006 ndipo amabwerezedwa pakapita zaka zingapo, manambala ake otchuka ndi a ana osafika zaka 5. N'zomveka, ndi amene amafa kwambiri. Koma mwana akangosiya sikelo n'kuvala yunifomu amakhala ngati wamaliza maphunziro a malungo. Neti amalandidwa kupatsa mng'ono wake, amasamutsidwa kukagona pa balaza kapena ku gowelo, amatumidwa usiku, amakhala panja mochedwa. Kumadera a malungo ambiri thupi lake limakhala litazolowerako pang'ono chifukwa wadwala kangapo, ndiye tizilombo timakhala m'magazi osamugwetsa. Ku Malawi ofufuza anayeza anthu a misinkhu yonse m'maboma a Chikwawa, Thyolo ndi Blantyre, anapeza kuti ana a msinkhu wa sukulu ndi amene anali ndi tizilombo kwambiri kuposa timakanda ndi akuluakulu, ndi omwenso samagona mu neti kwambiri, ndipo ambiri sankamva kudwala kulikonse.

Kusamva kudwala sikutanthauza kuti palibe chikuchitika. Tizilombo timadya maselo ofiira tsiku ndi tsiku, magazi amachepa pang'onopang'ono, kapamba amatupa. Mwana wotero ine ndimamudziwa, ndakhala naye m'kalasi zaka zonsezi osadziwa dzina la vuto lake. Ndi uja amagoneka mutu pa desiki ikangokwana 10 koloko, uja ukamufunsa amati "mutu, madamu", mawa wabwera ali bwino, sabata yamawa wajomba masiku awiri, pa ripoti timalemba kuti ndi waulesi ayenera kulimbikira. Sindikunena kuti aliyense wosinza ali ndi malungo, ena ndi njala, ena anagona mochedwa kugulitsa pa msika. Koma ine ndalembapo "waulesi" kambirimbiri osatembenuzako chikope cha mwana kuona ngati chayera. Chinanso, ana amenewa ndi nkhokwe. Udzudzu ukaluma mwana wooneka wathanzi koma ali ndi tizilombo, umanyamula n'kukapatsa khanda la m'nyumba momwemo, lija tinalipatsa neti yake.

Temu itayamba ndinafunsa kalasi langa kuti amene anapita kumudzi pa holide akweze mkono. Mikono inakwera yambiri, Petauke, Nyimba, Lundazi, Chadiza, ena Mansa, Samfya, Kasama, Solwezi. Ndinafunsanso kuti amene anagona mu neti kumeneko asiye mkono m'mwamba. Inatsika ngati mvula yagwetsa chimanga, kutsala yowerengeka, ndipo kamtsikana kena kanati neti inalipo madamu koma anatchingira nkhuku ku dimba, kalasi lonse kuseka.

Izi n'zofunika kwa ife a mu Lusaka mwapadera. Mzinda uno malungo ndi ochepa poyerekeza ndi Luapula, Northern, Muchinga, North-Western kapena kwathu kum'mawa. Ku Nchelenge m'mbali mwa nyanja ya Mweru malungo sapuma chaka chonse, pamene kuno ndi ku Southern atsika kwambiri. Zabwino, koma zikutanthauza kuti ana athu obadwira ku Mtendere, Kalingalinga, Chawama, Matero alibe kuzolowera kuja kwa asuweni awo a kumudzi. Msuweni akhoza kuyenda ndi tizilombo akulima, wathuyu kagulu komweko kamugwetsa. Ndiye timawakweza basi mu Disembala, mvula itayamba, madzi ali m'zithaphwi, kapena mu Epulo pamene malungo ali pachimake, tawapatsa tochi ndi majombo. Akabwerako n'kudwala patatha mwezi, funso lija lakuti anayendako timayankha kuti ayi, chifukwa m'mutu mwathu ulendo wa mwezi watha si ulendo. Ine panopa ndimauza makolo pa miting'i kuti mukafunsidwa nenani ulendo uliwonse wa chaka chino, olo wa chaka chatha, asankhe okha a chipatala chimene chili chofunika.

Dziko lino linadziikira chaka cha 2021 kuti malungo akhale atatha, chakacho chinafika n'kudutsa malungo akadalipo. Ofesi yoyang'anira ntchitoyi, National Malaria Elimination Centre, ili konkuno ku Chainama pa Great East Road, msewu womwewo umene mabasi a ku Chipata amadutsa atanyamula ana athu. Ofufuza tili nawo, ku Ndola, ku Macha kufupi ndi Choma, anthu odziwa ntchito yawo. Maganizo anga ine mphunzitsi wamba ndi akuti kuthetsa malungo sikungatheke tikamayeza odwala okha, ndi chipangizo choona mtundu umodzi, n'kusiya gulu limene lanyamula tizilombo tambiri likukhala pa madesiki. Falciparum akamachepa, enawa amene samaoneka pa kamzere adzatsala, ndipo ovale wogona m'chiwindi sasamala kuti nyumba inapoperedwa mankhwala kapena ayi. Mu 2022 WHO inavomereza kuti kumadera a malungo ambiri ana a sukulu akhoza kumapatsidwa mankhwala oteteza nthawi ndi nthawi. Ku Zomba ku Malawi anayesapo kuphunzitsa aphunzitsi kuyeza ana ndi kuwapatsa mankhwala pa sukulu pomwepo. Ife timagawa kale mankhwala a njoka za m'mimba ndi likodzo m'makalasi, ndiye sindikuona chachilendo. Kungoti aphunzitsife ntchito yatichulukira kale, wina asabwere ndi bokosi n'kutisiyira popanda maphunziro, tidzangoliika mu kabati ya ahedi.

Kachipangizo kaja kalinso ndi khalidwe lina limene makolo ambiri salidziwa, ili ndi lotembenuza. Kamafunafuna kanthu kotchedwa HRP2 kamene falciparum amatulutsa, ndipo kanthu kameneka kamatsalira m'magazi sabata zingapo tizilombo titafa kale. Ndiye mwana anamwa Coartem sabata ziwiri zapitazo, lero watentha thupi chifukwa cha chifuwa, mukamuyeza timizere tiwiri, inu n'kumati mankhwala aja anali abodza. Apanso silaidi ndi imene imaweruza. Ndipo kuli falciparum wina amene anasiyiratu kutulutsa HRP2, anayamba kupezeka ku Peru, kenako ku Eritrea anachuluka mpaka dzikolo linasintha tizipangizo take. Sindikulemba izi kuti musiye kukhulupirira RDT, kapulumutsa anthu osawerengeka kumidzi kumene kulibe magetsi olo labu, wothandiza zaumoyo wa m'mudzi amayeza mwana pansi pa mtengo n'kumupatsa mankhwala tsiku lomwelo. Ine ndikungoti kamzere kamodzi kakatuluka koma mwana akupitiriza kutentha thupi, makamaka modumphitsa masiku, bwererani, nenani za ulendo, pemphani silaidi mwaulemu. Osapita kukagula Coartem pa kona n'kumwetsa, chifukwa akakhala ovale mudzaganiza kuti mwathana naye, akakhala taifodi weniweni mwataya masiku. Ndipo mwana akayamba kusanza chilichonse, kulefuka, kukomoka kapena kupuma movutika, kalendala isiyeni pa khoma, thamangani.

Chimene chimandiwawabe ndi chakuti ine ndinali ndi mnzanga wa mu labu. Mayi wogulitsa tomato pa msika, amene tsiku limodzi la pa mzere wa kiliniki ndi ndiwo za tsiku limenelo zatayika, akauzidwa kawiri kuti palibe, kachitatu sabwerera. Amapita kwa aneba akumanzere aja.

Holide ya Epulo yayandikira ndipo kamnyamata kayamba kale kuwerenga masiku, ati ambuya anamulonjeza nzimbe ndi mtedza wauwisi. Abambo ake ankafuna kuti asapitenso, ine ndinakana, mwana asadziwe kwawo chifukwa cha udzudzu? Ndagula maneti atatu, yake ndi ya asuweni ake, pamodzi ndi misomali ndi chingwe, chifukwa ku gowelo kulibe pomangirira ndipo ndikudziwa kuti chimenecho chidzakhala chifukwa choyamba. Iye akudandaula kuti anzake adzamuseka, ati neti ndi ya makanda ndi azimayi apakati. Ndinaimbira amama kuwauza kuti aziyang'anira usiku uliwonse, anandiyankha kuti, "Ndiye lero wayamba kundikhulupirira? Tumiza ndi shuga, uja munabweretsa mu Disembala anatha kalekale."